Msana wa achimwene ukukokera kumbuyo: jakisoni wa Botox angathandize?

LACHIWIRI

Nachisale (Chinamwali), 19:42
Madzulo abwino nonse. Pepani ndilemba zambiri, mutu wandiima. Achimwene anga ndi telala, ali ndi zaka 41, ndipo chaka chino n'chachiwiri msana ukuwavuta. Akaimirira kapena akayamba kuyenda, thupi limakokera kumbuyo, chifuwa patsogolo, nkhope kuloza kumwamba, kenako n'kupendekera kudzanja lamanja. Wosawadziwa amayesa akunyang'wa. Ana apanjira anachita kuwapatsa dzina loti "a Bwana". Koma akagona chagada pamphasa msana umawongoka wokha bwinobwino, ndipo akakhala m'tulo simungadziwe n'komwe kuti ndi wodwala. Pamakina satha kukhalapo ngakhale mphindi 10, mpando umachita kugwera kumbuyo.

Sabata yatha tinakaonana ndi dokotala wa matenda a ubongo ndi mitsempha ku Blantyre. Iye anati matendawa ndi dystonia, ndipo pali jakisoni wobaya m'minofu ya kumsana wotchedwa botulinum toxin, ena amati Botox. Mwana wanga atafufuza pafoni akuti ameneyu ndi poizoni, komanso ndi yemwe azimayi olemera amabayitsa kumaso kuti makwinya athe. Tsono ndi ziti? Alipo anaonapo zimenezi ndi maso?

Mayi a Tadala (Sadzi), 19:50
Pepani achemwali. Koma poizoni m'thupi mwa munthu, mwadala? Ine mtima ukukana. Tiwaike m'mapemphero kaye.

Che Kabaza (Matawale), 19:53
Zoti akagona amawongoka, akadzuka n'kupindika, zimenezo si zachipatala amayi. Pali dzanja la munthu pamenepo. Pamsika nsanje ndi yosayamba, makamaka telala akamachulukidwa makasitomala.

Nachisale (Chinamwali), 19:58
Che Kabaza, kumeneko tinafikako kale. Msana wonse uli mphini zokhazokha kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Mbuzi ziwiri zinapita. Kuchipatala china nakonso anatibweza, akuti "bambowa akuchita dala, taonani pabedi awongoka". Tsiku limenelo achimwene analira m'minibasi njira yonse.

Afiziyo, 20:11
Mayi Nachisale, chimene chinachititsa kuti ena aziti akuchita dala ndi chomwecho chimene chimatiuza ife kuti ndi dystonia. Mafupa a msana alibe vuto. Vuto lili mu uthenga wochokera ku ubongo: umalamula minofu ina kuti izikoka mwini wake asanafune, ndipo imakoka kwambiri munthu akayamba kuchita kanthu, monga kuyenda. Akagona minofu ija imapuma, m'tulo ndiye imasiyiratu. Akanakhala kuti ali ndi TB ya msana, yomwe kuno timaiona kawirikawiri, fupa likanadyeka n'kutuluka linunda, ndipo linunda silithawa munthu akagona. Komabe ndifunse, anajambulidwa msana?

Nachisale (Chinamwali), 20:13
Eya, X-ray kawiri. Akuti mafupa ali bwino. Makhololo anayezanso, TB palibe.

Nesi Wopuma (Domasi), 20:20
Mwanawe, usanafike pa jakisoniyo, ndiyankhe ichi usachite manyazi. Achimwene akowo pali mankhwala amene akhala akumwa kapena kubayitsa kwa nthawi yaitali? Tsegula kabuku kawo kakuchipatala undiwerengere maina.

Nachisale (Chinamwali), 20:41
Ndinazengereza kuyankha amayi, chifukwa nkhaniyi kwathu sitiikamba pagulu. Anadwalapo matenda a maganizo. Papita zaka 7. Ankamwa chlorpromazine, kenako haloperidol, ndipo pano amabayitsa jakisoni wa pathako kamodzi pamwezi, palembedwa fluphenazine. Chiyambire mankhwalawa mutu uli bwinobwino, anakwatira, ana awiri, ntchito n'kumayenda.

Nesi Wopuma (Domasi), 20:55
Wachita bwino kunena. Ife a ku Zomba tinatopa nako kusekedwa, munthu akangolankhula zosamveka ku Lilongwe amati "timutengere ku Zomba". Zisakuchititse manyazi, ndi matenda ngati shuga.

Ndinafunsa dala chifukwa mankhwala onse atatu watchulawo, mwa anthu ena, amabweretsa kukokana kwa minofu. Kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina kumabwera masiku oyambirira munthu atangoyamba mankhwala: khosi kupotoka, lilime kutuluka, maso kutembenukira kumwamba. Kumeneko n'koopsa poona koma kumatha msanga akapatsidwa benzhexol, uja timati Artane. Kwina kumabwera mochedwa, patapita miyezi kapena zaka, madokotala amati tardive dystonia. Kumeneku ndi kouma mutu, ndipo kumakonda kukokera khosi ndi msana kumbuyo, ndendende mmene wafotokozeramu. Kumagwiranso kwambiri amuna amene sanakule kwenikweni. Ngakhale metoclopramide, kamankhwala koletsa kusanza kaja, kamatha kuchita zomwezi munthu akakamwa nthawi yaitali.

Nachisale (Chinamwali), 20:58
Dokotala uja anatchuladi mawu oti tardive. Alamu anga atamva anangoti basi, mwezi uno jakisoni wa pathako sakabayitsanso.

Nesi Wopuma (Domasi), 21:00
AYI. Uwaimbire alamu akowo usiku uno. Kusiya mwadzidzidzi kungadzutse matenda a maganizo aja, ndipo nthawi zina kupindikako kumachita kuwonjezeka m'malo mochepa. Wosintha mankhwala ndi dokotala wa matenda a maganizo, pang'onopang'ono, atamvana ndi mnzake wa mitsempha uja. Alipo mankhwala ena amene sakokakoka minofu chonchi. Clozapine ndi amodzi mwa iwo, koma amafuna kuyeza magazi pafupipafupi chifukwa amatha kutsitsa asilikali a m'thupi. Zimenezo si zogamula pakhonde.

Mayi a Tadala (Sadzi), 21:04
Ndiye mankhwala achipatala omwewo ndi amene awapinda, kenako tikawabayenso poizoni wachipatala. Mmm.

Nesi Wopuma (Domasi), 21:06
Walira mvula walira matope, mayi a Tadala. Popanda mankhwala amenewo bwenzi ana awiri akunenedwawo kulibe.

Aphunzitsi (Malosa), 21:19
Pankhani ya poizoniyi ndiikepo mlomo, ndi gawo langa la Biology limeneli. Mwana wa mayi Nachisale sananame. Ndi poizoni ndithu, mmodzi mwa oopsa kwambiri amene anthu amawadziwa, ndipo amapangidwa ndi kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum kamene kamaswana m'chakudya chosungidwa molakwika mopanda mpweya, monga m'zitini zotupa. Dzinalo linachokera ku mawu a Chilatini oti botulus, kutanthauza soseji, chifukwa ku Germany kale anthu ankafa akadya masoseji owonongeka. Kachilomboko kanadziwika chifukwa cha maliro: mu 1895, m'mudzi wa Ellezelles ku Belgium, oimba amene anakaimba pamaliro anadya nyama ya nkhumba yosungidwa ndi mchere, ambiri anadwala, atatu n'kumwalira. Émile van Ermengem ndiye anayeza nyamayo n'kukapeza.

Che Kabaza (Matawale), 21:21
Kkkkk ndiye adzukulu a ku Belgium anakumba manda ena atatu chifukwa cha ndiwo za pamaliro. Ine nyama ya pasiwa ndasiya kuyambira lero.

Aphunzitsi (Malosa), 21:27
Simungasiye inu. Koma mverani kumapeto kwake. Dokotala wa maso wa ku San Francisco, Alan Scott, ndiye anaganiza zoti kadontho kochepetsetsa ka poizoniyu kangafooketse mnofu umodzi wokha umene ukukoka diso kumbali. Ku America anauvomereza ngati mankhwala mu 1989, pa matenda a maso opotoka ndi zikope zotsinzina zokha. Mu 2000 anauvomereza pa dystonia ya khosi. Za makwinyazo zinabwera mu 2002. Ndiye azimayi olemerawo ndi amene anabwereka mankhwala a odwala, osati odwala kubwereka zodzoladzola.

Afiziyo, 21:40
Zikomo aphunzitsi. Kagwiridwe kake ntchito n'kotere. Pamene mtsempha wakumana ndi mnofu, mtsempha umatulutsa timadzi totchedwa acetylcholine, ndipo timadzi timeneti ndi amene amauza mnofu kuti "koka". Botulinum imatseka potulukira timadziti, pamalo okhawo pamene yabayidwa. Ubongo umapitirizabe kukuwa, koma mnofu uja umamva pang'ono chabe, ndiye umalekerera. M'kupita kwa nthawi mtsempha umakonzanso njira yake, mnofu n'kuyambiranso kumva.

Che Kabaza (Matawale), 21:44
Ooh, ngati wilo la njinga. Masipoko a mbali imodzi akamangika kwambiri limu imakhota. Sumenya limu ndi hamala, umangomasula masipoko akukokawo.

Afiziyo, 21:46
Mwalasa Che Kabaza. Kusiyana kwake n'koti pano pali wina amene amabwera mwakachetechete n'kumamanganso masipoko aja, moti pakatha miyezi itatu limu yakhotanso. Jakisoniyu sachiza dystonia. Amangogula miyezi itatu, mwina kupitirira pang'ono.

Che Kabaza (Matawale), 21:47
Ndiye dzanja la munthu ndinanena lija lilipo ndithu, kungoti lili m'mutu mwa mwini wake.

Wa ku Joni, 22:15
Moni a kumudzi. Ndimawerenga ndili m'basi, ndangofika kumene. Ine kwathu ndi ku Jali koma ndili kuno ku Johannesburg. Mayi a kunyumba kwanga ali ndi matenda omwewa, kungoti iwo amapendekera kumanzere ngati munthu wanyamula ndowa yodzadza dzanja limodzi. Dokotala wakuno anatiuza kuti kupendekera kumbali kotereku amakutcha Pisa, potengera nsanja yopendekeka ija ya ku Italy. Abayitsa katatu tsopano, ndipo ulendo uliwonse ndimalowa nawo, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona.

Amagona chafufumimba pabedi. Dokotala amayamba wawaimiritsa, kuwayendetsa m'chipindamo, kukhudzakhudza msana kuti amve pamene pauma. Mankhwalawo amabwera m'kabotolo kakang'ono, ukakayang'ana umaona ngati mulibe kanthu, amachita kuthiramo madzi a mchere a m'chipatala aja. Singano yake ili ndi waya wopita ku kamakina kotchedwa EMG. Singano ikalowa m'mnofu wabwinobwino kamakinako kamakhala chete. Ikangofika pa mnofu wovutawo kamayamba phokoso ngati mvula yamatalala pa malata. Akamva phokosolo ndi pamene amakankha mankhwala. Anabaya malo asanu kapena asanu ndi limodzi kutsika m'mbali mwa fupa la msana, mbali imodzi yokha. Zonse sizinapitirire theka la ola, tinakwera takisi kubwerera.

Nachisale (Chinamwali), 22:18
Achimwene a ku Joni, Mulungu akudalitseni. Ndiye anawongoka pompo?

Wa ku Joni, 22:31
Ayi, ndipo pamenepo ndi pamene ndinatsala pang'ono kukalalata kuchipatala. Tsiku loyamba palibe, lachitatu palibe. Ndinati ndalama zanga zapita. Cha m'ma tsiku la 10 ndikuchokera kuntchito ndinawapeza akuyanika zovala, manja onse awiri m'mwamba, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Mphamvu yake yeniyeni inaoneka patatha ngati mwezi.

Koma ndisakunamizeni achemwali. Sanawongoke ngati mtengo wa bulugamu. Kupendekera kunachepa, mwina ndi theka. Chimene chinachokeratu ndi ululu, moti anayamba kugona usiku wonse. Ulendo wachiwiri dokotala anawonjezera mlingo, ndiye zinapitirira: msana unafooka, podzuka pampando ankachita kugwira tebulo, masabata atatu akudandaula kuti thupi lalemera. Ulendo wachitatu anabweza pakatikati, m'pamene zinakhala bwino. Ndipo sabata ya 11 kapena 12 ikamakwana, umaona phewa lija layambanso kutsika.

Afiziyo, 22:44
Zimene anena a ku Joni ndi zoona zokhazokha. Ndiwonjezere chimodzi chimene chili mbali ya achimwene anu. Minofu imene imakokera munthu kumbuyo ndi ija iwiri italiitali yotsika m'mbali mwa fupa la msana, mukaigwira mumaimva ngati zingwe. Ili pafupi ndi khungu, singano imaipeza mosavuta. Amene amawerama chakutsogolo ndi amene amavuta, chifukwa okokawo amakhala minofu ya pamimba kapena ina yobisika mkati mwenimweni mwa chiuno, ndipo zotsatira zake sizikhala zodalirika. Kafukufuku wa jakisoniyu pamsana anachitika pa magulu ang'onoang'ono a odwala, sali wochuluka ngati wa khosi, n'chifukwa chake dokotala woona mtima sangakulonjezeni kuti adzawongoka. Adzati tiyese tione.

LACHITATU

Sisi wa Saluni, 06:52
Mwadzuka bwanji gulu. Mayi Nachisale musavutike ndi mitengo ya madokotala. Ndili ndi mnzanga ku Blantyre amabaya Botox kumaso, amaitanitsa yekha kunja, mtengo wake ndi wachibale. Akhoza kubwera mpaka ku Chinamwali kudzawabaya pakhomo. Ndilembereni kumbali.

Nesi Wopuma (Domasi), 07:05
Iwe mtsikana, pansi pa nthiti pali mapapo. Singano ikapitirira pang'ono pokha pamsana wa m'mwamba imaboola, mpweya n'kulowa pamene sufunika, phapo n'kufwamphuka. Mnzakoyo adzatani pakhonde la ku Chinamwali? Adzaimba nyimbo?

Afiziyo, 07:14
Komanso mlingo wa pamphumi ndi wa pamsana n'zosiyana kutalitali. Pamphumi ndi timayunitsi tochepa. Minofu ya msana ndi ikuluikulu, imadya mabotolo angapo, ndipo pali malire: pa Botox, munthu wamkulu sayenera kupitirira mayunitsi 400 m'miyezi itatu. Mayunitsi a Botox si ofanana ndi a Dysport, mtundu wina wa botulinum yomweyi, sungangowerenga nambala n'kusinthanitsa. Ukaphonya pamenepo mankhwala amatha kufalikira kutali ndi pamene wabaya, munthu n'kuyamba kulephera kumeza, mawu kusasa, zikope kugwa, mwinanso kubanika. Zimachitika mwa apo ndi apo, koma zikachitika n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Aphunzitsi (Malosa), 07:20
Osaiwala furiji. Botox ndi Dysport zimasungidwa pozizira, madigiri 2 mpaka 8. Ndi mmene magetsi amazimiramu, kabotolo kamene kayenda m'chikwama cha m'manja kuchokera kunja mpaka pa depoti ya Zomba, ndani angalumbire kuti mkatimo mudakali mankhwala? Kapena kuti munali mankhwala n'kale lomwe?

Adimini, 07:26
Sisi wa Saluni, uthenga wanu ndausiya kuti ena aphunzirepo, koma musabwerezenso. Pagulu pano sititsatsa mankhwala. Wobaya akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, mankhwala akhale odutsa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Tipitirize.

Sisi wa Saluni, 07:28
Pepani, ndimangofuna kuthandiza. Za mapapozo sindimadziwa.

Nachisale (Chinamwali), 08:02
Palibe kanthu sisi. Amayi a ku Domasi, alamu ndinawaimbira, amva, jakisoni wa mwezi uno akabayitsa ndipo tikapempha kuonana ndi dokotala wa maganizo. Tsono vuto lina ndi ili. Mtengo umene tinauzidwa ku Blantyre ndi woti sindingaulembe pano, mungandiseke. Amalume akuti tigulitse makina osokera a achimwene, poti akungokhala.

Bambo a Yamikani (Songani), 08:19
Ndilankhule ngati wa bizinesi, mundikhululukire. Mwamva nokha kuti ndi miyezi itatu. Pachaka ndi kanayi. Makina mugulitsa kamodzi, nanga ulendo wachiwiri mugulitsa chiyani? Malata? Kumeneko ndi kutaya ndalama mu Likangala. Ndipo taganizani, mwagulitsa makina, munthu wawongoka, ndiye akakhala pa chiyani? Mwawongola telala n'kumulanda singano.

Wa ku Joni, 08:40
Bambo a Yamikani, za makinazo ndikugwirizana nanu, asagulitse. Koma mawu oti kutaya ndalama andiwawa. Simunagonepo pafupi ndi munthu amene akubuula usiku wonse. Miyezi itatu ya tulo si yochepa. Ine ndinasiya kutumiza ndalama ya njerwa kumudzi chifukwa cha jakisoni ameneyu, nyumba ili pa windo mpaka lero, ndipo sindidandaula.

Bambo a Yamikani (Songani), 08:44
Inu mumalandira ma rand achimwene. Mayiwa amagulitsa tomato.

Wa ku Joni, 08:45
Ma rand akewo mukanawaona mmene amathera.

Nachisale (Chinamwali), 08:47
Kkkk si tomato bambo a Yamikani, ndi mandasi. Koma mfundo yanu yamveka.

Afiziyo, 09:30
Nonse awiri muli ndi mbali. Ine ndikanakhala mayi Nachisale ndikanabwerera kwa dokotala ndi mafunso, ndalama ndisanaigwire. Choyamba, kodi tingayambe ndi kusintha mankhwala a maganizo aja n'kuona? Kwa ena kupindika kumachepa pakapita miyezi, ngakhale kuti kwa ambiri sikutheratu. Nanga mapiritsi? Benzhexol pamlingo wokwererapo amathandiza ena, kungoti amaumitsa kukamwa, kudzimbira, maso kuchita chifunga. Palinso baclofen ndi clonazepam, izi zimagonetsa. Zonsezi mtengo wake sungafanane ndi wa jakisoni. Kenako mufunse kuti akufuna kubaya minofu iti, mabotolo angati, ndipo adzagwiritsa ntchito EMG kapena sikani ija ya amayi oyembekezera kuti aone pamene singano ikupita.

Ndipo mugwirizane chimene mukufuna. Osati "awongoke", chifukwa pamenepo mudzakhumudwa. Nenani chinthu chowerengeka, monga kuti akhale pamakina ola lathunthu, kapena ayende kuchoka kunyumba kufika pamsewu osapuma. Muwajambule kavidiyo pafoni akuyenda, kumbuyo ndi m'mbali, asanabayidwe, kenako patatha mwezi. Maso a pakhomo amaiwala msanga mmene munthu analili.

Nesi Wopuma (Domasi), 09:41
Ndipo akadzabayidwa chilembedwe m'kabuku, tsiku ndi mlingo womwe. Akadzadwala china n'kupita kuchipatala chaching'ono, anene. Gentamicin, jakisoni amene timabaya kawirikawiri uja, amawonjezera mphamvu ya botulinum. Komanso musadzakakamize dokotala kuti abwereze masabata 12 asanakwane poti mwaona zikubwerera. Kubaya pafupipafupi kumaphunzitsa thupi kulimbana ndi mankhwalawo, mapeto ake amasiya kugwira.

Afiziyo, 09:48
Funso lina mayi Nachisale. Pali kanthu kamene achimwene amachita kuti thupi limvere? Kugwira penapake, kutsamira?

Nachisale (Chinamwali), 10:05
Iii, mwadziwa bwanji? Akaika dzanja kunkhongo amayenda bwinoko, ngati munthu akuganiza za ngongole. Akatsamira khoma ndiye amaima mowongoka ndithu. Ndipo chodabwitsa, akabereka mwana wawo wamng'ono kumbuyo amayenda mpaka kuchigayo. Apongozi awo ankati umenewo ndi umboni woti akunamizira, akufuna kuthawa ntchito.

Afiziyo, 10:16
Si kunamizira. Ndi khalidwe lodziwika la dystonia, ndipo madokotala analilemba kalekale. Khungu likakhudzidwa pamalo ena, ubongo umalandira uthenga wina umene umasokoneza kulamula kolakwika kuja kwa kanthawi. A dystonia ya khosi ena amangogwira chibwano ndi chala chimodzi, khosi n'kubwerera. Tiyeni tizigwiritse ntchito. Muwayesere kachikwama ka kumsana ka ana asukulu, muikemo mabuku awiri atatu, musalemeretse. Pamakina achotsepo kampando kopanda msana kaja, mupeze mpando wautali wofika kunkhongo, muugunditse kukhoma kuti usagwe. Izi sizilowa m'malo mwa mankhwala, koma n'zaulere. Mukadzapita ku Blantyre mukafunsenso ku Kachere, kumene kuja amaphunzitsa odwala kuyenda, kapena kwa afiziyo a pa Zomba Central pompano, akuonetseni zolimbitsa minofu ya pamimba, chifukwa ndi imene imalimbana ndi yokokera kumbuyoyo.

Che Kabaza (Matawale), 10:22
Mpando wautaliwo ndili ndi mlamu wanga kalipentala, matabwa a paini a kuphiri ali nawo. Mundiuze msinkhu wa a telala kuchokera pathako kufika pankhongo. Ya misomali yokha mudzapereka.

Mayi a Tadala (Sadzi), 10:30
Ine poizoniyo ndikumuopabe, sindinama. Koma Lachisanu tili ndi mapemphero a amayi, dzina lawo ndilitchula. Ndipo ndidzabweretsa mayunifolomu a Tadala akadzayamba kusoka.

Aphunzitsi (Malosa), 10:52
Ndinawerengapo kuti kunja amachita opaleshoni yoika timawaya mkati mwa ubongo ndi kabatire pachifuwa, amati DBS, ndipo pa tardive dystonia imathandiza ndithu.

Bambo a Yamikani (Songani), 10:54
Aphunzitsi, tikulephera ya jakisoni, inu mukutibweretsera ya mawaya a mu ubongo. Tigulitse phiri la Zomba?

PATAPITA MIYEZI INAYI, LOLEMBA

Nachisale (Chinamwali), 18:10
Gulu, ndabwera ndi lipoti, mwina mumati ndinathawa. Makina sitinagulitse. Madokotala awiri aja analemberana makalata, jakisoni wa pathako anamuchotsa pang'onopang'ono n'kuika mapiritsi ena, mutu uli bwinobwino mpaka pano. Benzhexol anayesa koma achimwene sanapirire, akuti ulusi sakuuona pa singano, ndiye anatsitsa mlingo. Kupindika kunachepa pang'ono chabe. Tsono abale tinasonkha, mwana wa amalume wa ku Lilongwe anaikapo yambiri, ine ndinatapa ku banki m'khonde, mpaka inakwana ya ulendo umodzi. Anabayidwa masabata asanu apitawo, mbali zonse ziwiri za msana koma kwambiri kumanja.

Achimwene a ku Joni, phokoso la matalala lija ndinalimva ndi makutu anga, ndinachita kuseka m'chipindamo dokotala n'kundiyang'ana. Sabata yoyamba kunalibe kanthu monga munanenera, alamu anayamba kale kung'ung'udza. Pano pampando wa Che Kabaza uja amakhala ola limodzi ndi theka asanapume. Dzulo anamaliza madiresi awiri. Poyenda amakokerabe kumbuyo, ana sanasiye kuwatcha a Bwana, koma tikayerekeza ndi kavidiyo koyamba kusiyana kulipo, nkhope ikuyang'ana kutsogolo. Chovuta n'choti akawerama kutola sizasi pansi, kudzuka kwake amachita kugwira bondo.

Afiziyo, 18:25
Nkhani yabwino. Kuvutika podzukako ndi mnofu umene wafooketsedwa, kudzachepa pakokha. Mukamuuze dokotala kuti adziwe pokonza mlingo wotsatira. Pakadali pano asanyamule zolemera, sizasi muimangirire chingwe pamakina.

Wa ku Joni, 18:31
Ndasangalala ngati ndi mbale wanga. Muyambiretu kusunga achemwali, sabata ya 12 sichedwa.

Bambo a Yamikani (Songani), 18:40
Ndiye funso langa lija lidakalipo. Ulendo wachiwiri ndalama ichokera kuti?

Nachisale (Chinamwali), 18:49
Lidakalipo bambo, sindikubisirani. Achimwene atsegula kachitini, pa chovala chilichonse akuponyamo theka. Tawerengera, sidzakwana pofika sabata ya 12. Iwo akuti ngati n'kutero adzadikira mpaka ikwane, ndipo akufuna jakisoni wachiwiri adzagwe chakumapeto kwa Ogasiti kuti mphamvu yake idzakumane ndi mayunifolomu a Seputembala sukulu zikamatsegulira.

Mayi a Tadala (Sadzi), 18:52
A Tadala ndibweretsa mawa, sindidikira Seputembala. Masiketi awiri ndi bulauzi.

Che Kabaza (Matawale), 18:55
Ine ndili ndi mathalauza atatu ong'ambika pakati, chishalo chinadya. Amatsegula nthawi yanji a Bwana?

Nachisale (Chinamwali), 18:57
Hafu seveni. Koma muwachape kaye Che Kabaza.